Tebulo Lopanda Kanthu

Aliyense amene anapitapo kusukulu, kapena amene analipirirapo mwana sukulu, akudziŵa m'mene zimakhalira tsiku limene zotsatira za mayeso zafika. Aphunzitsi aakulu amatuluka mu ofesi ndi mapepala m'manja nawakhoma pa bolodi, ndipo anthu amaunjikana pamenepo kufunafuna maina. Pepala lirilonse limakhala ndi mizere ndi madanga: danga la nambala, danga la dzina, madanga a maphunziro, ndi danga lotsiriza limene maso a aliyense amathamangirako, lonena ngati mwana wakhoza kapena walephera. Kholo likalaŵirira m'mamaŵa n'kupeza bolodi liri mbee, silida nkhaŵa, pakuti likudziŵa kuti mapepala sanakhomedwe. Koma likapeza mapepala ali pomwepo, dzina la mwana palibe, apo ndiye mtima umagunda. Zinthu ziŵirizi palibe angazisokoneze, chifukwa bolodi lopanda mapepala ndi pepala lopanda dzina zimaoneka zosiyana ngakhale kwa munthu wosadziŵa kuŵerenga.

Masiku ano mindandanda yotere siikhomedwa pa bolodi pokha ayi. Imaonekanso pa galasi la kompyuta ndi la foni: ndalama zoloŵa ndi zotuluka ku banki, mankhwala otsala m'nkhokwe ya chipatala, maina a mamembala a bungwe la alimi, katundu wa m'sitolo yaikulu. Maonekedwe ake ndi omwewo a pepala la pa bolodi, mizere ndi madanga, ndipo anthu amangoti tebulo. Koma pa galasi pali vuto limene pa bolodi palibe. Tebulo limene nkhani zake sizinafike ndi tebulo limene mulibedi nkhani angathe kuoneka chimodzimodzi, ndipo munthu angathe kubwerera kwao ali wachisoni chifukwa cha nkhani imene inali ikadali pa njira. Nkhani ya lero ndi yofotokoza m'mene zimenezi zimachitikira.

Choyamba chofunika kuchimvetsa ndi chakuti maina ndi manambala amene amaoneka m'tebulo sakhala m'foni kapena m'kompyuta ya woŵerengayo. Amasungidwa m'kompyuta ina yaikulu yotchedwa seva, imene ingakhale m'chipinda chapafupi, ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena kutsidya kwa nyanja. Pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, imene amisiri amaitchula kuti browser, imatumiza pempho kwa seva, ndipo seva imayankha. Pakati pa pempho ndi yankho pamapita nthaŵi, ndipo zovuta zonse zimene zikambidwe pano zimabisala m'kanthaŵi kameneka.

Pamene Tim Berners-Lee anakonza njira ya masamba a pa intaneti ku CERN, pafupi ndi mzinda wa Geneva, pakati pa 1989 ndi 1991, dongosolo lake linali losavuta kumva. Munthu akapempha tsamba, seva inkalikonza lonse lathunthu n'kulitumiza. Akafuna kusintha kanthu kakang'ono, monga kuona maina 20 otsatira pa mndandanda, tsamba lonse linkafufutika, galasi n'kuyera, kenaka tsamba latsopano n'kubwera, ndi mutu womwewo ndi zithunzi zomwezo, kungosiyana mizere 20 ija. Kunali ngati mphunzitsi amene amafufuta bolodi lonse n'kuyambanso kulemba kuchokera pa deti pofuna kukonza nambala imodzi ya samu. Njirayi inali yochedwa, komabe inali ndi ubwino umodzi umene ambiri sanauzindikire panthaŵiyo: inali yosabisa. Galasi likayera, aliyense ankadziŵa kuti ayenera kudikira. Tsamba likakanika kubwera, uthenga wonena za kulepherako unkadzaza galasi lonse, kotero kuti panalibe woganiza kuti waona yankho pamene sanalione.

Kusintha kunayamba mwakachetechete. Mu 1995 Brendan Eich, wa kampani ya Netscape, anakonza chinenero cha makompyuta chotchedwa JavaScript, chimene chinalola kuti tsamba likhale ndi malangizo akeake ogwira ntchito m'kompyuta ya woŵerenga. Patapita zaka zoŵerengeka, amisiri a kampani ya Microsoft amene ankakonza njira yoŵerengera makalata a kuntchito kudzera pa tsamba la intaneti, yotchedwa Outlook Web Access, anapanga kachida kolola tsamba kutumiza pempho kwa seva popanda kufufutika. Kachidako kanatuluka pamodzi ndi Internet Explorer 5 mu 1999, ndipo pambuyo pake kanadziŵika ndi dzina lakuti XMLHttpRequest. Kwa zaka zingapo kanali kodziŵika kwa ochepa okha. Anthu wamba anaona mphamvu yake pamene kampani ya Google inatulutsa Gmail mu Epulo 2004 ndi Google Maps mu Febuluwale 2005, pamene munthu ankatha kukoka mapu ndi dzanja, zidutswa zatsopano n'kumabwera zokha m'mphepete, tsamba osafufutika. Pa 18 Febuluwale 2005, Jesse James Garrett wa ku San Francisco analemba nkhani imene inapatsa kachitidwe kameneka dzina lakuti Ajax. Chilembo choyamba cha dzinali chikuimira liu la Chingerezi lakuti asynchronous, limene tanthauzo lake ndi lakuti wotuma ndi wotumidwa sayendera nthaŵi imodzi, ndipo wotumayo saima chiriri kudikira yankho.

Mai aliyense wa pamudzi amachita zimenezi tsiku ndi tsiku osazipatsa dzina. Ali pakati pophika apeza kuti mchere watha. Atuma mwana kugolosale, koma iye sakhala pansi n'kupinda manja kufikira mwanayo atabwera. Asonkheza moto, asefa ufa, atsuka mbale, ndipo mumtima mwake wasunga kale chochita: mwana akafika, mchere uthiridwe m'ndiwo. Tsamba la masiku ano limachita chimodzimodzi. Limajambula mutu wa tebulo, maina a madanga ndi mabatani ake, litumiza mthenga kwa seva, n'kusiya lamulo lakuti yankho likafika liikidwe m'mizere. Kuchita motere n'kofunika kwambiri chifukwa JavaScript ya pa tsamba imagwira ntchito imodzi pa nthaŵi imodzi. Ikanati iime kudikira seva, tsamba lonse likanauma gwa, munthu osatha kudina batani kapena kulemba chilembo kufikira yankho litafika.

Yankho limene mthenga amabwera nalo si tsamba lathunthu, koma nkhani zokhazokha zopanda zokongoletsa: dzina, nambala, deti, kenaka dzina lina, nambala, deti. Poyamba zinkalembedwa m'kalembedwe kotchedwa XML, koma m'kupita kwa nthaŵi ambiri anasamukira ku kalembedwe kopepuka kotchedwa JSON, kamene Douglas Crockford anakafalitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Ntchito yoyala nkhanizo m'mizere ndi m'madanga imachitikira m'foni kapena m'kompyuta ya woŵerenga. Kwa munthu wogula bandulo ndi ndalama za m'thumba mwake phindu lake ndi loonekeratu, pakuti salipiranso zithunzi ndi mitu yomweyo nthaŵi iriyonse akapempha mizere yotsatira.

Koma walira mvula walira matope. Cholakwa chimene pafupifupi wophunzira aliyense wa ntchitoyi amayamba nacho ndi ichi. Amalemba malangizo atatu motsatana: tumiza pempho, tenga yankho, liike m'tebulo. Poŵerenga zimaoneka zolongosoka, koma kompyuta ikatumiza pempho siidikira. Imapitirira nthaŵi yomweyo ku lamulo lachiŵiri, n'kupeza m'mbale mulibe kanthu, n'kuthira kupanda kanthuko m'tebulo. Patapita theka la sekondi yankho lifika, koma lipeza kuti palibe wolilandira. Ndi mai amene wagwedeza chikopa chopanda mchere pamwamba pa mphika mwana akadali pa njira, n'kuphula ndiwo ali wokhutira kuti wathira. Chosautsa n'chakuti kompyuta siidandaula konse, chifukwa kwa iyo palibe lamulo limene laswedwa. Mmisiri amatha tsiku lonse akufufuza seva, n'kupeza kuti ikuyankha bwino lomwe, akufufuza tebulo, n'kupeza kuti nalonso liri bwino, osadziŵa kuti cholakwika ndi nthaŵi yokha. Mankhwala ake ndi kumangirira lamulo lodzaza tebulo ku kufika kwa yankho, osati kungolilemba pa mzere wotsatira. Okonza chinenero cha JavaScript anaona kuchuluka kwa ophunthwa pamenepa, ndipo anaonjezamo njira zothandiza: yotchedwa Promise mu 2015, imene iri ngati chiphaso cholonjeza kuti katundu abwera, ndi mau aŵiri akuti async ndi await mu 2017, olola mmisiri kulemba kuti pamenepa padikiridwe popanda kuumitsa tsamba lonse.

Cholakwa chimenechi n'chachibwana, ndipo kaŵirikaŵiri chimagwidwa ntchito isanaperekedwe kwa eni ake. Choopsa kwenikweni ndi chimene chimatsala zonse zitalembedwa molondola. Womvera ayerekeze bambo amene wayenda ulendo wa maola aŵiri pa njinga kukafunsa ngati dzina lake liri pa mndandanda wa olandira malipiro a mbeu zimene anagulitsa kudzera ku bungwe lao. Kalaliki alemba dzinalo pa kompyuta, ayang'ana pa galasi, aona tebulo liri ndi mitu ya madanga koma pansi pake pali mbee.

"Pepani bambo, dzina lanu mulibe muno."

"Taonaninso bwino, achimwene. Ndinalembetsa ndekha, ndipo risiti ndi iyi."

"Ndaona kale, bambo. Onani nokha, palibe chirichonse."

Kalalikiyo sakunama, ndipo sakuchita mwano. Akunena chimene maso ake akuona. Koma tebulo lopanda kanthulo lingakhale likutanthauza kuti mthenga akadali pa njira. Lingakhale likutanthauza kuti mthenga anasochera chifukwa netiweki inaduka pakati pa ulendo. Mwinanso mthenga anafika koma seva inakana kuyankha, chifukwa yapanikizika ndi mapempho kapena chifukwa nthaŵi imene kalalikiyo analoledwa kugwira ntchito yatha ndipo afunika kuloŵanso ndi mau ake achinsinsi. Ndipo mwina n'zoonadi kuti dzinalo mulibe. Pa zifukwa zinaizi, chimodzi chokha ndicho choyenera kubwezera munthu kwao, koma pa galasi zonse zavala nkhope imodzi.

Chodabwitsa n'chakuti kompyutayo imadziŵa kusiyana kwake. Yankho lirilonse lochokera kwa seva limabwera ndi nambala yonena m'mene ulendo wayendera: 200 kutanthauza kuti zonse ziri bwino, 404 kutanthauza kuti chopemphedwacho sichinapezeke pa malo amene chafunsidwa, 500 kutanthauza kuti seva yakumana ndi vuto m'kati mwake, 401 kutanthauza kuti wopemphayo ayambe wadzidziŵikitsa. Pa njira yakale ija, uthenga wotere unkafika pamaso pa woŵerenga wokha. Pa njira yatsopano umafikira m'manja mwa malangizo a pa tsamba, ndipo ngati mmisiri sanalembe chochita nawo, umathera pomwepo. Ngakhale chida chatsopano chotumizira mapempho chotchedwa fetch, chimene chinayamba kupezeka m'ma browser mu 2015, sichiyesa 404 kapena 500 kukhala kulephera pachokha. Chimangopereka yankholo, ndipo zimatsalira mmisiri kuti ayang'ane nambala yake. Amisiri ambiri amalemba mosamala za tsiku limene zonse zayenda bwino, n'kusiya tsiku la mavuto kuti adzaliona maŵa. Kumeneku si kusadziŵa ayi, koma ulesi, ndipo amene amalipira ndi bambo wa pa njinga uja.

Pali msampha wina wovuta kuugwira, umene umabwera pamene amithenga achuluka. Matebulo ambiri ali ndi kabokosi kofufuzira, ndipo munthu akamalemba, tsamba limatumiza pempho pa chilembo chirichonse. Kalaliki akalemba zilembo zitatu zoyamba za dzina, mthenga woyamba anyamuka. Akamaliza dzina lonse, wina anyamuka pambuyo pake. Palibe lamulo lakuti woyamba kunyamuka ndiye woyamba kubwera. Pempho la zilembo zitatu limapeza maina ochuluka, choncho lingachedwe, pamene la dzina lathunthu lapepukidwa n'kufika msanga. Tebulo lionetsa yankho lolondola kwa kamphindi, kenaka mthenga wochedwa uja afika n'kufufuta zonse, n'kuyalapo mndandanda wake. M'kabokosi mwalembedwa dzina lina, m'mizere muli anthu ena. Ngati kalaliki wayang'ana kumbali pa kamphindi kameneko, angathe kulemba malipiro pa mzere wa munthu wina wofanana naye chiyambi cha dzina, ndipo m'dziko limene mabanja ambiri ali ndi mfunda umodzi, zotere si zapatali. Amisiri osamala amapatsa pempho lirilonse nambala n'kutaya yankho lirilonse limene si la pempho lomaliza, kapena amaitanitsa mthenga woyambayo kuti abwerere asanafike. Ena amachititsa tsamba kudikira pang'ono mpaka zala zitaima kulemba lisanatume aliyense.

Nanga bwanji osangotenga mndandanda wonse nthaŵi imodzi, kuti amithenga achepe? Pa mndandanda wa anthu 200 zimenezi n'zotheka, ndipo ndiyo njira yabwino. Koma pa mizere 200,000 foni ingatope, bandulo n'kutha, munthu asanaone ngakhale dzina limodzi. N'chifukwa chake matebulo aakulu amatenga nkhani pang'onopang'ono, mizere 25 kapena 50 pa ulendo umodzi, kapena amaitanitsa ina pamene woŵerenga akutsikira m'munsi. Apanso pali pophunthwa. Woyang'anira nkhokwe ya mankhwala akadina pa mutu wa danga kuti aone mankhwala amene atsala ochepa kwambiri, funso ndi lakuti akusanja ndani. Ngati kusanjako kukuchitikira m'kompyuta yake, ndiye kuti akusanja mizere 25 yokha imene yafika, ndipo mankhwala amene atheratu angakhale ali pa tsamba lachisanu ndi chiŵiri, osaoneka. Kuti yankho likhale loona, pempho liyenera kubwerera kwa seva, imene iri ndi mizere yonse, kuti isanje yonseyo n'kutumiza 25 yoyamba. Zida zokonzeratu zopangira matebulo, monga jqGrid ndi DataTables, zimalola njira ziŵiri zonsezi, ndipo kusankha kuli kwa mmisiri. Woŵerenga alibe njira yodziŵira chimene chinasankhidwa pongoyang'ana, pakuti matebulo aŵiri onsewo amaoneka osanjika bwino.

Tsono tebulo lopanda kanthu lingathe kunamiza, koma tebulo lodzaza nalo lingathe kunamiza, ndipo bodza lake ndi lokhulupirika koposa. Chitsanzo chachikulu cha zimenezi chinachitika ku England m'nthaŵi ya mliri wa Covid-19. Nyumba zopimira magazi ndi mamina zinkatumiza zotsatira zao ku bungwe la boma loona za umoyo lotchedwa Public Health England. Kumeneko zotsatirazo zinkathiridwa zokha m'matebulo a pulogalamu ya Excel zisanapite kwa ofufuza anthu amene anakhudzana ndi odwala. Matebulowo anali a mtundu wakale wotchedwa XLS, umene sulandira mizere yoposa 65,536, chonsecho mtundu watsopano umene unatuluka mu 2007 umalandira mizere 1,048,576. Popeza zotsatira za munthu mmodzi zinkatenga mizere ingapo, tebulo limodzi linkadzaza ndi anthu pafupifupi 1,400 okha. Odwala ali ochepa, zonse zinkakwana. Atachuluka, mizere yopitirira malire inkangosiyidwa, popanda belu kulira kapena uthenga wochenjeza. Pakati pa 25 Sepitembala ndi 2 Okutobala 2020, anthu 15,841 opezeka ndi kachilomboka sanaloŵe m'chiŵerengero cha boma. Eni akewo anauzidwa zotsatira zao, koma anthu amene anakhala nawo pafupi sanafufuzidwe pa nthaŵi yake, ndipo anapitiriza kuyenda ndi kugwira ntchito kwa masiku angapo osadziŵa kanthu. Nduna ya za umoyo ya panthaŵiyo, Matt Hancock, inakafotokoza za nkhaniyi ku nyumba ya malamulo pa 5 Okutobala.

Limeneli silinali tebulo la pa tsamba la intaneti, koma nthenda yake ndi yomweyo. Nkhani zinanyamuka kumalo kwina kupita m'mizere ndi m'madanga, zina zinatsala pa njira, ndipo tebulo silinanene. Amene ankaliyang'ana ankaona mizere yambirimbiri yodzaza bwino, ndipo palibe chimene chikanawachititsa kukayika. Chikanawapulumutsa ndi chinthu chimene wogulitsa chimanga aliyense amachita: kuŵerenga matumba pokweza pa lole ndi kuŵerenganso potsitsa. Dziko lolemera, la akatswiri ochuluka, linaphunthwa pa kanthu kameneka.

Kuno kwao kwa omvera, kanthaŵi ka pakati pa pempho ndi yankho ndi kotalikirapo kusiyana ndi kumaiko kumene zida zambiri zimakonzedwa, ndipo chifukwa chake ndi mtunda. Uthenga wa pa intaneti umayenda ngati kuŵala m'zingwe za galasi, pa liŵiro la makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku London molunjika ndi makilomita pafupifupi 8,000, kotero kuti kupita ndi kubwera sikungachepere magawo 8 mwa magawo 100 a sekondi, ngakhale zonse zitakhala zangwiro. Koma zingwe siziyenda molunjika. Malaŵi alibe gombe la nyanja yamchere, choncho uthenga umayamba wadutsa pamtunda kupyola m'maiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique, n'kukaloŵa m'zingwe za pansi pa nyanja monga SEACOM, imene inayamba kugwira ntchito mu 2009, ndi EASSy, ya mu 2010. Pa zimenezi paonjezeke kuchedwa kwa pa nsanja ya foni, ndiponso kuti tsamba limodzi limatuma amithenga ambiri, ena oyembekeza anzao. Pa 12 Meyi 2024 zingwe ziŵiri zatchulidwazi zinaduka pansi pa nyanja kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo intaneti inavuta kwa masiku angapo m'Malaŵi, ku Tanzania, ku Mozambique, ku Kenya ndi kwina. Pa masiku otere mapempho ambiri safa msanga. Amangokhala lende pa njira, osafika komanso osabwerera, ndipo tebulo lopanda malire a nthaŵi yodikira limakhala chete mpaka kalekale.

Apa ndi pamene pamagona kusamvana pakati pa wokonza ndi wogwiritsa ntchito. Mmisiri amayesera ntchito yake pa kompyuta imene seva yake iri m'kati mwa kompyuta yomweyo kapena m'chipinda chotsatira. Kwa iye yankho limafika chala chisanachoke pa batani, ndipo kanthaŵi kamene tebulo limakhala lopanda kanthu sakaona n'komwe. Amithenga ake sapitirirana, chifukwa ulendo ndi waufupi. Kwa kalaliki wa ku Chitipa kapena ku Nsanje, kanthaŵi komweko kangatalike mpaka masekondi khumi. Kalekale mu 1968 katswiri wina dzina lake Robert Miller analemba za m'mene anthu amapiririra kuchedwa kwa makompyuta, ndipo Jakob Nielsen anazilongosolanso mu 1993: chinthu chikachitika m'gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi munthu amachiyesa cha pompopompo, likakwana sekondi imodzi amazindikira kuchedwako koma maganizo ake saduka, ndipo akapyola masekondi khumi mtima wake umapita kwina. Munthu amene mtima wake wapita kwina amagamula ndi chimene akuona, ndipo chimene akuona ndi tebulo lopanda kanthu. Ma browser a masiku ano ali ndi kachida kolola mmisiri kuchedwetsa dala netiweki yake kuti alaŵe chimene wa kumudzi amalaŵa. Amene sanayeserepo ntchito yake motere sanaiyese konse.

Zofunika kuti tebulo lilankhule si zamtengo wapatali. Mthenga akanyamuka, pa malo pa mizere palembedwe kuti nkhani zikubwera, ndipo mizere yakale ichotsedwe kapena izilale, kuti munthu asaiyese yankho la funso lake latsopano. Kachizindikiro kozungulira kamene ambiri anakazoloŵera n'kothandiza, koma kakazungulira kosalekeza kamasanduka bodza nakonso. Payenera kukhala malire, ndipo akakwana tsamba linene poyera kuti seva siinayankhe, n'kupereka batani loyeseranso. Mau akuti palibe dzina lotere asungidwire nthaŵi imodzi yokha, pamene seva yayankha bwino n'kunena yokha kuti yafufuza ndipo siinapeze. Ndipo mauwo akhale m'chinenero chimene kalaliki angathe kuŵerengera bambo amene waima patsogolo pake, osati nambala yokha ya 500 imene ngakhale kalalikiyo saidziŵa.

Kwa amene amagwira ntchito ndi matebulo otere koma sanawakonze, pali kamzere kakang'ono kamene ambiri sakaŵerenga, kamene kamakhala pansi pa tebulo, konena mwachitsanzo kuti iyi ndi mizere 1 mpaka 25 mwa mizere 1,312. Nambala yomalizayo imachokera kwa seva, ndipo ndiyo umboni wakuti mthenga anapita n'kubwera. Ngati bungwe liri ndi mamembala oposa chikwi koma kamzereko kakuti 300, ndiye kuti pali chosefera chimene chinaiŵalika chiri chotsegula, kapena nkhani zina sizinafike. Ngati kamzereko palibe, kapena kakuonetsa ziro pa mndandanda umene dzulo unali wodzaza, kalaliki asafulumire kugamula. Njira yachidule yoyesera ndi kufufuza dzina limene akudziŵa motsimikiza kuti lirimo, monga la wapampando wa bungwelo. Likatuluka, ndiye kuti njira iri bwino, ndipo kusoŵa kwa dzina la bambo uja ndi nkhani yofunika kuilondola m'mabuku ndi risiti yao. Likapanda kutuluka nalonso, vuto si la bambowo, ndipo choyenera ndi kuwapatsa mpando, kulemba dzina ndi nambala ya risiti yao m'kaundula wa pepala, ndi kuyesanso netiweki ikabwerera.